Matayala Amene Sanaime

Mwana wanga anayamba kukwawa mwezi womwewo umene loboti inayamba kuyenda. Zonsezi zinkachitikira m'chipinda chimodzi, pa simenti imodzi, ine ndili pakati.

Ndimaphunzitsa kompyuta pa sekondale yoyendera ya kwathu kuno, kumadzulo kwa boma la Mchinji, kufupi ndi malire moti ukakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu umaona malata a nyumba za ku Zambia. Sindine mphunzitsi wa boma. Ndili ndi satifiketi ya za kompyuta yomwe ndinatenga ku koleji ku Lilongwe ndisanakwatiwe, ndipo ahedi atamva zimenezo anandipempha kuti ndizithandiza. Chaka chimenecho bungwe lina linatipatsa katoni ya zitsulo, mamota, mawaya ndi batire, kuti atsikana athu apange loboti yokapikisana nayo ndi masukulu ena ku Lilongwe. Ahedi anangoti, "Madamu, izi ndi zanu, ife sitikuzidziwa." Inenso sindinkazidziwa kwenikweni, koma katoniyo ndinailandira ndi manja awiri.

Mwana ndinalibe womusiyira. Bambo ake ndi dalaivala wa thiraki, amapita ku Chipata mpaka ku Lusaka, kubwera kwawo n'kwa apo ndi apo. Apongozi anga inali nyengo yosankha fodya, tsiku lonse ali m'chigafa, ndipo fumbi la fodya linkamutsokomoletsa mwanayo mpaka kusanza. Amayi anga ondibereka ali ku Kamwendo, kutali. Ndiye ndinkapita naye kusukulu. M'mawa ankagona kumsana ine ndikuphunzitsa. Koma masana, nthawi yoyeserera loboti, ndinkayenera kugwada, kuwerama, kulowetsa mutu pansi pa zitsulo, ndipo iye anali atakula, sankalolanso kumangidwa tsiku lonse. Ndinkamuyalira chitenje pakona. Pachitenjepo sankakhalapo. Ndinayesa kumutchingira ndi madesiki, koma ankapyola pansi pake ngati mwana wa mbuzi, akuseka.

Anthu akamva zoti loboti amaganiza kachidole. Yathuyo inali yachitsulo, yofika m'mawondo, ya matayala anayi, kutsogolo kwake kuli mkono wonyamulira timabokosi. Poinyamula ankathandizana atsikana awiri. Tsiku loyamba kuyenda inagunda desiki n'kuikankha mpaka kukhoma, ndipo atsikana anaomba m'manja, wina n'kululutira. Ine ndinayang'ana mwendo wa desiki umene unapindika, kenako ndinayang'ana mutu wa mwana wanga, paliwombo pake pakudumphadumpha. 

Mbiri inafika kumudzi ine ndisanafike. Madzulo apongozi anandipeza ndikuchapa matewera.

"Ndamva kuti mwapanga galimoto yopanda woyendetsa m'kalasi. Nanga mdzukulu wanga amakhala pati?"

"Amakhala pakona, amayi. Sichingamufike."

"Chili ndi maso?"

"Ayi, koma chikasokonekera chimaima chokha."

Anandiyang'ana, manja awo akuda ndi utomoni wa fodya. "Chabwino. Ophunzira ndinu." Anapita kukasamba.

Sindinawanamize. Mawu akuti chimaima chokha ndinali nawo pomwe ndinawatenga. Okonza mpikisano amapereka kwa sukulu iliyonse khodi yolembedwa kale, imene amaitcha laibulale, ndipo pulogalamu ya ophunzira imamangidwa pamwamba pake. Atsikana salemba okha mmene magetsi amafikira ku mota. Iwo amangolemba kuti pita kutsogolo, khota, kweza mkono, ndipo laibulale ndi imene imakalankhula ndi zitsulozo. Ndinkawauza kuti chimene tiyenera kuyembekezera kwa iyo n'chakuti ichite zimene yalonjeza, lero ndi mawa chimodzimodzi, ukati khotera kumanja isakhotere kumanzere. Koma mumtima mwanga lonjezo lake linali limodzi lokha. Laputopu imene timayendetsera loboti imatumiza kachizindikiro kosalekeza, ngati munthu wonena kuti ndilipo, ndilipo, ndilipo. Loboti ikangosiya kumva zimenezo, laibulale imazimitsa mamota onse nthawi yomweyo. Nditawafotokozera bambo a mwana pafoni, anati, "Aa, ndi mabuleki a thiraki amenewo. Mpweya ukatha, thiraki imadzimanga yokha." Mawu amenewo ndinawasunga. Ndi amene ankandilola kumasula chitenje kumsana.

Komabe ine ndine munthu wamantha, ndipo sindibisa. Ndinakhazikitsa lamulo. Masana aliwonse, mwana asanatsike kumsana, loboti tinkaikweza pa njerwa kuti matayala akhale m'malere. Mtsikana mmodzi ankaiyendetsa mwamphamvu, ine n'kudula kulumikizana, ndipo tonse tinkaona matayala akuima. Akaima, ndiye ndinkamutsitsa mwana. Atsikana ankatcha mwambowu pemphero la Madamu.

Vuto lathu linali foni yanga. Pasukulu palibe intaneti, ndiye laputopu ndi loboti zinkalumikizana kudzera pa hotisipoti ya foni yangayo, yakale, yosweka pagalasi. Kwathu kuno foni imatha kuchoka yokha pa netiweki ya kwathu n'kukagwira ya ku Zambia iwe uli chikhalire, n'kukutumizira uthenga wokulandira m'dziko la eni. Yanga ikatero, hotisipoti inkazima kanthawi. Laibulale inkachita ntchito yake, loboti n'kuima zii pakati pa njira, kabokosi kali m'mwamba. Kuti ziyambirenso kumvana zinkatenga nthawi, ndipo zimenezi zinkachitika kangapo masana amodzi.

"Foni yanu yawolokanso popanda pasipoti, Madamu!"

"Yapita kukaoda zitenje ku Chipata."

"Muiuze itigulireko sopo."

Ankaseka, koma mmodzi sankaseka. Anali mtsikana wa Folomu 3, wamtali, wa ku Mavwere koma ankakhala kwa azakhali ake pafupi ndi sukulu. Anzake anamusankha kukhala kaputeni. Khodi ankaigwira msanga kuposa onse, ndipo ankafuna kupambana ndi mtima wake wonse. Tsiku lina anatsegula mafayilo a laibulale, amene ndinkawauza kuti asamakhudze, n'kundiitana.

"Madamu, taonani. Chimene chikutiimitsa ndi mizere iyi basi. Tikaichotsa, loboti izingopitiriza mpaka foni ibwerere."

"Ipitiriza kupita kuti?"

"Komwe imapita."

"Ndipo komwe imapitako kukakhala mwana?"

"Si tilipo ambiri? Tiigwira."

"Iwe, unaona desiki ija. Mizere imeneyo usaikhudze. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

Patapita masiku, tinakhala ndi masana abwino kuposa ena onse. Linali Lachitatu. Tinachita mwambo wa pa njerwa, matayala anaima, ndinamutsitsa mwana. Kenako anadziipitsira, ndipo ndinatuluka naye kukamusintha thewera kuseri kwa kalasi, kumene kuli mpopi. Nditabwerera, ndinamuikanso pansi, tinayamba. Loboti inayenda ngati yadzozedwa. Inanyamula timabokosi tonse, kukhota, kubwerera, osaima ngakhale kamodzi. Foni inalira ndi uthenga wa ku Zambia uja, koma ndinali nditasangalala kwambiri moti sindinaganizepo kanthu. Ndinangoti mwina lero hotisipoti yapirira. Ndinawayamikira atsikana, kaputeni ndinamugwira paphewa. Mwana wanga masana amenewo anapeza kachitsekero ka botolo, ndipo ankakakankha n'kumakatsatira pakati penipeni pa chipinda. Ndikukumbukira ndikumunyamula kangapo kumubweza pakona, ndikuseka, loboti ikudutsa pambali pathu.

Mawa lake mwana anadzuka ndi kulira kwa mano. Tsiku lonse anali wonyong'onyeka, akundikoka tsitsi, akudziwongola kumsana kuti atsike. Pofika nthawi ya loboti, msana wanga unali utatheratu. Mfundo ya chitenje ndinali nditaigwira kale kuti ndimasule.

"Lero pemphero tilisiye, Madamu," anatero kaputeni. "Mwana watopa. Dzulo zinayenda bwino."

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Chimene chinandiletsa si nzeru ayi, ndi chizolowezi cha munthu wamantha, chomwe chimandibweza panjira kukaonanso ngati ndazimitsa mbaula. Ndinati, "Bweretsani njerwa."

Anaikweza. Mtsikana wina anakankha batani, matayala anayamba kuzungulira, kulira kwake ngati chigayo chaching'ono. Ndinazimitsa hotisipoti.

Matayala sanaime.

Ndinayang'ana foni, ndimati mwina chala changa chaphonya. Hotisipoti inali yozima. Ndinayang'ana laputopu, inkaonetsa kuti palibe kulumikizana. Mtsikana uja anali atachotsa kale manja ake pa mabatani, wawakweza m'mwamba ngati wagwidwa. Palibe amene ankaiyendetsa lobotiyo, palibe amene akanaiuza kanthu, ndipo inkathamanga ndi mphamvu zake zonse pamalo amodzi. Chitsulo chonse chinkanjenjemera. Njerwa imodzi inayamba kusuntha pang'onopang'ono, kafumbi kakugwa pansi pake. Ndinaona kuti tayala lakumbuyo latsala pang'ono kukhudza simenti, ndipo kutsogolo kwake kunali kona ija, chitenje chili choyala kale.

Sindikudziwa mmene ndinafikira pamenepo. Ndinagwada, mwana ali kumsana, ndinalowetsa dzanja pakati pa matayala ozungulira, n'kugwira pulagi ya batire n'kuizula. Tayala linandisupula pamkono. Kenako kunali zii. Ngakhale mwana anasiya kulira.

Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti. Magazi ankatsika pamkono kufika pachigongono koma ululu sindinkaumva.

"Ndani wakhudza mizere ija?" ndinafunsa.

Onse anazyolika. Kaputeni yekha ndi amene anandiyang'ana.

"Ndine, Madamu."

"Liti?"

"Dzulo."

"Dzulo nthawi yanji? Dzulo tinayesa, inaima."

"Mutapita kukasintha mwana thewera."

Poyamba sindinamve tanthauzo lake. Kenako linandifika lonse nthawi imodzi. Masana onse a dzulo lake. Kachitsekero ka botolo. Mwana wanga pakati pa chipinda, akukwawa, mutu wake uli mulingo umodzi ndi chitsulo chakutsogolo. Uthenga wa ku Zambia uja unalira, ndiye kuti nthawi imeneyo loboti inkayenda yosamva munthu aliyense, ndipo ine ndinaima pomwepo ndikumwetulira. Ndinayesa kukumbukira pamene mwana anali foni ikulira. Sindinathe. Mpaka lero sindinathe, ndipo ndayesa kambirimbiri. Nthawi zina ndimamuona ali m'manja mwanga. Nthawi zina ndimamuona ali pansi.

Ndinamumasula kumsana, osati kuti ndimuike pansi, koma kuti ndimuone. Ndinamuvula kadiresi pamaso pa atsikana onse, n'kumayang'ana nthiti, zala, kuseri kwa makutu, ngati kuti bala la dzulo likanabisala mpaka lero. Analibe kanthu. Ankangondiyang'ana, malovu akutsika.

"Palibe chinachitika, Madamu," anatero kaputeni.

"Khala chete."

"Ndimamuyang'anira. Maso anga sanachoke pa iye, ndikulumbira."

"Ndipo ikanakhota? Ukanaiimitsa ndi maso?"

Anayamba kulira, koma mkwiyo unalimo. "Nanga titani? A ku Lilongwe ali ndi intaneti yosaduka, akuyeserera tsiku lonse. Ife timangokhalira kudikira foni. Amene analemba laibulaleyo sakudziwa n'komwe kuti kuli sukulu imene foni imawoloka malire. Anailembera iwowo. Laibulale yabwino imayenera kutithandiza, osati kutigwira miyendo."

Mbali ina sankanama. Laibulaleyo anailemba anthu amene sanakhalepo kuno. Koma anthu omwewo, osatidziwa, ndi amene anaikamo mizere imene inkasunga mwana wanga masabata onse aja. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti mizereyo inachoka mwakachetechete. Mwana wasukulu anaifufuta pa nthawi imene munthu amasinthira thewera, ndipo laibulale sinadandaule, sinalembe chenjezo, sinayatse ngakhale kagetsi kofiira. Loboti yokhala ndi chitetezo ndi yopanda chitetezo zinkaoneka chimodzimodzi, kupatula kuti yopanda chitetezoyo inkayenda bwino kwambiri. Ine ndinkayesa kuti chinthu chofunika chotero chimakhala chokhomedwa, kuti ukachigwira chimakuwa. Ku koleji palibe anatiuzapo zoti tizifunsa funso limenelo.

Ndinawauza kuti aweruke. Batire ndinalitenga, ndinapita nalo kunyumba m'chikwama cha matewera.

Panjira ndinali nditatsimikiza zosiya. Ndinkakonza mawu okawauza ahedi. Koma ndikaganiza zosiya, ndinkaonanso atsikana aja, amene ena mwa iwo anali asanakwerepo minibasi yopitirira pa Kamwendo, ndipo palibe wina pasukulupo akanawatenga. Ndikaganiza zopitiriza, ndinkaona njerwa ija ikusuntha. Kumusunga mwana kumsana masana onse sikukanatheka, ndinali nditayesapo, tonse awiri tinkathera kulira. Nkhani inali imodzi basi, ngati ndingathenso kumuika pansi m'chipinda chimene chija.

Ndikuanula zovala madzulo amenewo, ndinayang'ana chingwe choyanikira, cha nayiloni, chabuluu, chachitali kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pakhonde. Nditatha kuanula ndinachimasula n'kuchikulunga.

Lachisanu masana ndinapeza atsikana atafika kale, loboti ili pa njerwa, chipinda atasesa. Kaputeni maso ake anali otupa. Anatembenuzira laputopu kwa ine.

"Ndabwezera, Madamu. Werengani nokha."

Ndinawerenga mzere uliwonse, chala chili pagalasi, kuyerekeza ndi laibulale yoyambirira imene ndinasunga pa fulashi. Zinali zofanana. Kenako anapempha foni yanga. Azakhali ake amachita geni yodutsa malire, ndipo anamuonetsa posankha kuti foni izigwira netiweki ya kwathu yokha, isamadzisankhire. Anakonza pomwepo n'kundibwezera ndi manja awiri, osandiyang'ana kumaso.

Tinayesa. Ndinazimitsa hotisipoti, matayala anaima. Ndinati tibwereze. Anaima. Tinabwerezabwereza mpaka atsikana anayamba kuyang'anana. Nthawi iliyonse ankaima bwinobwino, ndipo nthawi iliyonse dzanja langa likapita pa mfundo ya chitenje, linkabwerera lokha. Mwana ankandimenya kumsana ndi timiyendo.

"Ikuima, Madamu," anatero mtsikana wina mofatsa.

"Ndikuona."

Ndinatulutsa chingwe chija m'chikwama. Mbali imodzi ndinaimanga zolimba pa pulagi ya batire, n'kuipyoletsa kumbuyo kwa loboti kuti isakodwe m'matayala. Mbali inayo ndinaikulunga padzanja langa. Ndinauza mtsikana kuti ayendetse, ndipo ndinakoka. Pulagi inazuka, matayala anaima.

"Ii, Madamu, loboti yapachingwe ngati mbuzi?"

"Tikaimange pamsika wa pa Kamwendo, mwina apezeka ogula."

"Ku Lilongwe sakalola zimenezi," anatero kaputeni.

"Ku Lilongwe mwana wanga sakakwawa m'bwalo lawo. Muno ndi muno."

Anaitsitsa pa njerwa. Ndinamasula chitenje, mtsikana wina anandithandiza kumulandira mwana. Ndinamuika pakona, kumbuyo kwa miyendo yanga. Anakhala tsonga, n'kuomba simenti ndi tizikhatho take, wosangalala ngati wamasulidwa kundende. Ndinafinya chingwe mpaka zala zinachita dzanzi.

"Yambani."

Loboti inanyamuka, chingwe chikukwekwereza kumbuyo kwake. Inanyamula kabokosi koyamba, inakhota, inalunjika kukhoma la kutali, mbali ina ndithu ndi kumene tinali ife. Ndinamva kadzanja kakugwira chidendene changa, kenako kamutu kanatulukira pambali pa mwendo wanga. Ndinakoka. Loboti inafera pomwepo, kabokosi kanagwa.

"Madamu! Anali kutali!"

"Sanasunthe n'komwe, wangosuzumira!"

"Tikatere mpaka Disembala tili pomwepa."

Ndinkadziwa kuti akunena zoona. Pakati pa mwana ndi loboti panali chipinda chonse. Koma mwana anali pansi, ndipo sindinamunyamule. Ndinamubweza kumbuyo kwa miyendo yanga, ndinakulunganso chingwe padzanja.

"Lumikizaninso batire," ndinatero. "Tiyambirenso."

Kaputeni anagwada, analowetsa pulagi, anaonetsetsa kuti mfundo ya chingwe sinamasuke, n'kuikoka pang'ono kuti aimange bwino.